Keke ya mchere ya asewere athu a ku Sweden

Lero sitikamba za mitengo ya katundu. Tikamba za keke, koma inu amene mumanyamula zinthu zowola msanga muwerenge mpaka kumapeto.

Ife ndife banja la pa msewu: mmodzi amayendetsa thiraki pakati pa Beira ndi Blantyre, wina amaoda katundu. Mwana wathu wamkazi anakaphunzira ku Uppsala, ku Sweden, ndipo anapeza banja komweko. Tsiku lomwe anamaliza maphunziro ife kunalibe, ndalama ya ndege inatikanika. Anamukonzera phwando ndi makolo a mnyamatayo. Pa chithunzi chomwe anatitumizira panali keke yaikulu yokongoletsedwa ndi mankhaka, mandimu ndi ma prawns. Tinaseka, tinkayesa alakwitsa.

Mwanayo anatiuza kuti dzina lake ndi smörgåstårta. Mulibe shuga ngakhale pang'ono. Ndi buledi wosanjikiza, pakati amaikapo mazira, nsomba kapena nyama zosakaniza ndi mayonezi, kunja amamata ndi kukongoletsa ngati keke ya ukwati. Amadya yozizira, moduladula ngati keke. Kwawoko imapezeka pa maphwando a kubadwa, pomaliza sukulu, pa ubatizo ngakhalenso pa maliro, ndipo ili ndi tsiku lake, 13 Novembala.

Titamva kuti asewere athuwo akubwera ku chinkhoswe mu Okutobala, tinagwirizana kuti tiwapangire keke yomweyo. Anthu amene anaima m'malo mwathu pa tsiku la mwana wathu sitikanawalandira ndi nsima yokha.

Apa ndi pomwe tinalakwitsa. Tinati ma prawns abwino ali ku Beira, kumene amawatchula camarão, ndiye tikagulirenji okwera mtengo mu shopu? Tinagula aawisi makilo 3, n'kuwaika mu cooler box ndi ayisi, n'kunyamuka. Amene mumadutsa ku Tete mu Okutobala mukudziwa mmene kumatenthera. Tisanafike pa boda ayisi anali atasanduka madzi, ndipo pa bodapo tinapeza mzere wa mathiraki, tinagona pomwepo. Pofika kunyumba, titatsegula bokosi, fungo linatiuza zonse.

Tisaname, tinakangana. Wina ankati tiwatsuke ndi mandimu n'kuwawiritsa kwambiri, ndalama isapite pachabe. Wina ankati alendo ochokera kutali akatsegula m'mimba tikawayang'ana bwanji? Tinawakwirira kuseri kwa nyumba. Mandimu amabisa fungo basi, ndipo kuwiritsa sikubwezeretsa nsomba yoti yawola kale.

Kunali kutatsala masiku awiri. Tinayimbira mwana wathu, iye n'kutiuza kuti ngakhale ku Sweden si aliyense amaika ma prawns, ena amaika tuna, nsomba yowamba kapena nyama. Ndiye tinagwiritsa ntchito zomwe zinali pafupi. Ya anthu 12 tinapanga chonchi.

Tinagula malofu awiri a buledi woyera wodula kale, n'kuchotsa makoko a m'mbali. Chosakaniza choyamba: mazira 6 owiritsa, zitini ziwiri za tuna zotsanula madzi onse, anyezi wodula tinthu ting'onoting'ono, mayonezi ndi tsabola pang'ono. Chachiwiri: kampango wowamba amene tinamuphikanso, n'kumuchotsa minga imodziimodzi ndi zala, kenako n'kusakaniza ndi cream cheese ndi madzi a mandimu. Minga musaichitire ulesi, mu keke munthu sayembekezera kukumana ndi munga.

Pa thireyi tinayala buledi, pamwamba chosakaniza choyamba, buledi wina, chosakaniza chachiwiri, buledi womaliza. Posanja, mpata wa pakati pa zidutswa za pansi uzikwiriridwa ndi chidutswa cha pamwamba, monga amachitira omanga njerwa, apo ayi keke imang'ambika podula. Zosakanizazo zikhale zolimba ngati phala lokhuthala. Zikakhala zamadzi buledi amafewa n'kuphwasuka.

Tinakulunga ndi pulasitiki n'kuika mu firiji usiku wonse. Apa musafupikitse, ndi pomwe buledi amagwirana ndi zapakatizo. M'mawa tinamata kunja konse ndi cream cheese yosakaniza ndi mayonezi, n'kukongoletsa ndi mankhaka odula mopyapyala, mazira, tomato ndi mandimu. A ku Sweden amakonda masamba a dill. Ife sitinawapeze, tinaika parsley.

Asewere aakazi atailona anagwira pakamwa, kenako anatikumbatira. Aamuna anadya kawiri n'kufunsa kuti nsombayi ndi yanji. Titawauza kuti ndi kampango wa m'nyanja ya Malawi analemba dzinalo mu foni. Za ma prawns tinawauza mawa lake, ndipo tinaseka tonse.

Tsopano malangizo kwa inu anzathu. Keke imeneyi moyo wake ndi kuzizira. Izikhala mu firiji yosapitirira madigiri 5, ndipo isakhale pa tebulo kupitirira maola awiri, kukatentha kwambiri ola limodzi. Magetsi akazima musamatsegule firiji pafupipafupi. Musayese kuitenga ngati kamba wa pa ulendo, m'kabini mwa thiraki mazira ndi mayonezi sizichedwa kuwonongeka. Ndipo inu amayi amene mumalandira maoda a maphwando, ndi malonda abwino ndithu chifukwa ambiri sanaione, koma muziipangira kufupi ndi komwe ikadyedwe.

Phunziro lalikulu ndi la katundu. Ife tinawerengera mtengo wa ku Beira ndi maola oyenda, koma sitinawerengere maola oima. Musanagule nsomba, nyama kapena mkaka kunja, dzifunseni kuti ndikagona pa boda usiku umodzi kapena uwiri, ayisi wangayu afika? Ngati yankho ndi lokayikitsa, zisiyeni, mukagule komwe mukupita.

Amene munanyamulako nsomba kuchokera ku Beira kapena Nacala zikafika zili bwino, tiuzeni munachita bwanji. Ulendo wabwino nonse, mufike ndi moyo.