Mphwanga, usanasayine pepala lija

Malosa,
Lachiwiri usiku

Mphwanga wokondedwa,

Ife kuno tilipo, kupatula bondo lija lomwe limandikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse. Phiri la Malosa lakhala likuyaka kuyambira Loweruka. Usiku tikakhala pakhonde timaona mzere wofiira ukukwera pang'onopang'ono, ndipo m'mawa phulusa limapezeka m'ndowa za madzi.

Mayi ako anandipatutsa Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Akuti anamva kwa mlamu wako kuti mwezi watha wina analowa mu imelo ya kalaliki wako ku Zomba, n'kulembera makasitomala kuti mwasintha akaunti ya kubanki, ndipo awiri anatumizadi ndalama kumeneko. Akutinso pa tebulo lako pali makotesheni atatu a zida zotetezera makompyuta, ndipo mtima wako wagwa pa ya mnyamata wa tayi uja amene anabwera ndi laputopu n'kukuonetsa mapu a dziko lonse akuthwanima timagetsi tofiira. Iwe sunandiuze kanthu. Sindikudandaula, ndiwe munthu wamkulu. Koma ukudziwa kuti ndalama zoyambira bizinesiyo zinachokera kuti, ndipo ukudziwa zomwe tinagwirizana pa maliro a agogo ako. N'chifukwa chake sindigona.

Za makompyuta ndinazipeza imvi zitamera kale. Choncho ndinaimbira mchemwali wako wa ku Lilongwe n'kumupanikiza ndi mafunso mpaka mayunitsi anandithera kawiri. Anandiuza kuti zomwe amagulitsazi zili m'magulu. Pali pulogalamu imene imaikidwa pa kompyuta iliyonse, imayang'anira zochitika ndipo ikaona zachilendo ikhoza kuidula kompyutayo kuti isalankhulane ndi zinzake. Anatchula Microsoft Defender, Sophos ndi Kaspersky. Pali ina imene imasonkhanitsa malo amodzi mbiri ya amene analowa, nthawi yanji, anatsegula chiyani. Ina ya mtundu umenewu, Wazuh, akuti ndi yaulere, koma imafuna munthu wodziwa kuikonza ndi kuiwerenga. Ndiye pali kulipira kampani yomwe ili ndi anthu oti azikhala maso usana ndi usiku m'malo mwako. Nditamva zimenezi ndinamufunsa funso limodzi: chida cha mnyamata wa tayi chija chikalira 2 koloko usiku wa Loweruka, amamva ndani? Anaseka, akuti uthenga umapita ku imelo. Imelo ya ndani? Ya kalaliki yemwe uja.

Apa ndi pamene pali mantha anga, mphwanga. Ndikuopa kuti ugula belu labwino kwambiri n'kulipachika m'nyumba yopanda munthu.

Ndikuuze zomwe ndinaona mu 1978, ndili ndi zaka 20. Mwina unazimvapo, koma mwachidule. Ndinalembedwa ukalaliki wamng'ono pa esiteti ina ya fodya kumbali ya Thondwe. Ntchito yanga inali kudinda matikiti a antchito ndi kulemba mabelo opita ku okushoni ku Limbe. Chaka chimenecho bwana anagula pampu yozimitsira moto, yofiira, ya injini ya petulo, ya matayala awiri. Mlendo aliyense wobwera ankapita naye kusitolo kukaiona. Ankaipukuta Lachisanu lililonse. Ife antchito sitinkaloledwa kuikhudza, kuopa kuti tingaiwononge, ndipo makiyi a sitoloyo ankasunga makaniko yekha.

Mlonda wathu anali nkhalamba ya Chiyao, msilikali wakale wa KAR amene anakamenya nkhondo ku Burma. Chida chake chinali chidutswa cha njanji chopachika pa mtengo wa mango ndi nyundo yopanda mpini wabwino. Anyamata tinkamuseka chifukwa kamodzi pamwezi ankaliza njanjiyo masana popanda chifukwa, n'kutiimitsa pamzere kuchokera kudamu kufika kumabalani, aliyense ndi ndowa yake, n'kumawerenga ndi mawu kuti ndowa yoyamba yafika nthawi yanji. Kapitawo ankati akutitayitsa nthawi.

Usiku wina mu Epulo payipi ya moto inang'aluka m'balani yachitatu. Fodya wouma amayaka ngati pepala. Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa njanji, ndipo miyendo inandifikitsa pamalo panga pamzere ndisanadzuke bwinobwino. Ena anathamangira pampu. Makaniko anali atapita kumaliro ku Jali, makiyi ali m'thumba. Anathyola chitseko. Injini inakana kulira, chifukwa thanki inali youma. Petulo wina anali atamupopa kalekale. Atapeza petulo, payipi yokokera madzi inaperewera mapazi khumi kuti ifike padamu. Chigulireni palibe amene anali atayesapo kuiyala.

Pakati pa balani yoyakayo ndi shedi yosankhiramo fodya panali kakhonde ka denga laudzu, kolumikiza nyumba ziwirizo kuti fodya asanyowe ndi mvula. Mlonda uja anakuwa kuti kakhondeko kagwetsedwe, pamodzi ndi fodya amene anali atapachikidwamo. Kapitawo anakana, akuti chuma cha bwana sichiwonongedwa popanda mawu a bwana, ndipo bwanayo anali mtulo kunyumba kwake kuseri kwa chitunda. Nkhalamba sinayankhe. Inalanda nkhwangwa kwa mnyamata wina n'kuyamba kudula nsanamira yokha. Ndimaionabe mpaka lero, jasi lake lankhondo litapsa phewa limodzi, ikudula osayang'ana munthu. Kakhonde kanagwa, moto sunawoloke, ndipo shedi yokhala ndi fodya wa chaka chonse inapulumuka.

Ofesi yanga ndiyo sinapulumuke, chifukwa mphepo inatengera nsakali za moto mbali imeneyo. Mabuku a masiku a antchito anapsa. Tinali ndi makope achiwiri, inde, bwana anali munthu wadongosolo. Koma makopewo ankakhala m'kabati yomweyo, shelefu ya m'munsi. Miyezi itatu tinkakangana ndi anthu za malipiro awo, mayi wina akulumbira kuti anagwira masiku 26, ine ndilibe pepala loti ndimuvomereze kapena kumutsutsa. Ena anachoka akunditukwana ine, mwana wa eni, ngati ndinadya thukuta lawo. Ndipo kutacha bwana, pochita manyazi ndi alendo, analamula kuti pamalopo paseseredwe. Munthu wa inshuwalansi atafika anapeza poyera, payipi yong'aluka ija itatayidwa kudzala. Ndalama zinachedwa chaka chathunthu.

Ndatalikitsa, koma ukuona kumene ndikupita.

Usaganize kuti zoterezi zimagwera ang'onoang'ono okha. Kumayambiriro kwa 2024 dziko lathu linakhala milungu ingapo osasindikiza mapasipoti. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anaima m'Nyumba ya Malamulo mu Febuluwale chaka chimenecho n'kunena kuti akuba a pa intaneti alowa m'makina a Immigration ndipo akufuna dipo, koma boma silipereka. Ukukumbukira momwe msuweni wako anavutikira ndi ulendo wake wa ku Johannesburg. Ngati boma, ndi akatswiri ake onse, linaima chonchija, shopu yako ingapirire masiku angati makasitomala asanawolokere kwa mnzako wa tsidya la msewu? Kumbukiranso Cashgate mu 2013. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'miyezi 6 yokha, ndipo njira imodzi inali yolipira kudzera m'makina a boma a IFMIS kenako n'kufufuta zolembazo. Kumeneko akuba sanachokere kunja kwa dziko. Anali ndi mapasiwedi awo, ovomerezeka. Choncho pomufunsa wogulitsa aliyense, umufunse ngati kalaliki wako, kapena iwe amene, mungathe kufufuta mbiri ya zomwe zachitika. Akati inde, mbiri imeneyo ndi kope la m'shelefu ya m'munsi.

Pali nkhaninso ya madola. Ndamva kuti laisensi ya mnyamata wa tayi imalipiridwa chaka ndi chaka m'madola. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, ndipo iwe ukudziwa kuposa ine kuti kupeza madola kubanki ndi nkhondo. Laisensi ikatha iwe uli pamzere wodikira, chidacho chimatani? Chimapitiriza kulonda kapena chimakhala duu ngati pampu yopanda petulo? Ufunsenso za magetsi ndi netiweki. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022 tinakhala miyezi yambiri magetsi akuthima maola ochuluka tsiku lililonse. Chida chimene ubongo wake uli kunja kwa dziko chikuyenera kukuuza zomwe chimachita intaneti ikaduka. Ngakhale zodula zimalakwa: pa 19 Julaye 2024 kampani ya CrowdStrike inatumiza zokonza zolakwika, makompyuta a Windows okwana pafupifupi 8.5 miliyoni anaima tsiku limodzi, ndege zinalephera kunyamuka m'mayiko ambiri. Chikomekome cha mkuyu, mphwanga.

Tsopano ndilankhula ngati malume ako, ndipo apa sindikupempha. Usasayine pepala lililonse mwezi uno. Uyambe waika makope a mabuku ako onse pa hard drive imene sikhala yolumikizidwa ku kompyuta, ndipo isagone m'shopu; ibwere kuno, ndili ndi bokosi lachitsulo la agogo ako. Zikhale ziwiri, uzisinthanitsa mlungu uliwonse. Tsiku lina Loweruka utenge kompyuta yopanda kanthu, uyese kubwezeretsa zonse kuchokera pa hard drive imeneyo, wotchi ili m'manja. Imelo ndi akaunti za kubanki zikhale zofuna nambala yachiwiri yobwera pafoni, osati pasiwedi yokha. Ulembe papepala, pepala lenileni lomata kukhoma, manambala a banki, a Airtel Money, a TNM Mpamba, a polisi ya Zomba ndi a munthu wako wa makompyuta, chifukwa tsiku la tsoka manambala osungidwa m'kompyuta adzakhala atatsekeredwa momwemo. Ndipo utchule munthu mmodzi, ndi wachiwiri wake, amene ali ndi chilolezo chozula mawaya ndi kuimitsa malonda osayamba wakuimbira. Umuuze pamaso pa anzake kuti akadula nsanamira molakwitsa sudzamudula malipiro. Ukapanda kutero aliyense adzakhala kapitawo uja, kudikira mawu a bwana moto ukuwoloka.

Zikachitikanso, Mulungu aletse, usalole munthu kufufuta kompyuta n'kuikamo zatsopano tsiku lomwelo pofuna kuti ntchito iyambe msanga. Ichotsedwe pa netiweki, isiyidwe momwe ilili mpaka wodziwa aione. Mchemwali wako akuti ku MACRA kuli nthambi yotchedwa Malawi CERT, yokhazikitsidwa pansi pa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, ndipo ntchito yake ndi kulandira nkhani zoterezi. Akutinso kuyambira 2024 kuli lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act. Iwe umasunga mayina, manambala a foni ndi makope a zitupa za alimi amene umawakongoza feteleza. Zimenezo si zako. Zikatuluka, anyamata oimba foni aja, oti mwawina mphoto kapena mwana wanu wagonekedwa kuchipatala tumizani ndalama, adzakhala ndi dzina la mlimi aliyense ndi mudzi wake. Anthu a ku Domasi ndi ku Songani sadzati kompyuta yalakwa. Adzatchula dzina la banja lathu.

Pepani, ndakalipa. Sindikunena kuti usagule kanthu. Pampu ija ikanakhala ndi petulo ndi payipi yokwanira, ofesi yanga sikanapsa, ndipo mayi uja akanalandira masiku ake 26. Mwa makotesheni atatuwo, mtima wanga uli pa amene akulonjeza munthu woyankha foni usiku, ngakhale chida chake chitakhala chosathwanima. Koma lonjezo la pakamwa ndilibe nalo ntchito. Alembe kuti adzayankha pasanathe mphindi zingati, ali kuti, ku Blantyre kapena kutsidya la nyanja, ndipo zikavuta adzafika pa Zomba pasanathe maola angati. Kenako umuyese usanalipire. Umuimbire Lamulungu m'bandakucha, umve ngati kuyankha munthu kapena makina. Umupemphe akupatse mabizinesi awiri a msinkhu wako amene anawathandizapo pa vuto lenileni, upite ukacheze nawo wekha. Ngati ndalama sizikwana zonse, yamba ndi pulogalamu ya pa kompyuta iliyonse ndi munthu woiyang'anira. Za mapu a dziko lonse zidikire.

Ndikudziwa kuti ukuti malume akuyerekeza fodya ndi kompyuta. Mwina ndi zoona. Koma funso lija la 2 koloko usiku silinayankhidwe, ndipo mayi ako akandifunsa Lamulungu likubwerali ndikufuna ndidzawauze dzina la munthu amene adzadzuke.

Ubwere Loweruka ndi makotesheni onse atatu, tidzawerenge limodzi. Mchemwali wako wavomera kudzakhala pafoni madzulo. Ukakwera minibasi utsikire pa Chilema, njira ya kuseri kwa St Luke's yakumbika. Unditengereko mafuta opaka pabondo aja ndi mabatire awiri a wailesi. Nkhani ya malata a mayi ako tidzakambirana ukafika, usawayankhe kanthu pakadali pano.

Upereke moni kwa onse.

Ndine malume ako.