Pansi pa injini ya a malume

Ndikadutsa pa galaja ku Ndirande n'kuona galimoto ataichotsa injini, pali dzenje lakuda bii, miyendo imaima yokha. Papita zaka zoposa 30, komabe fungo la dizilo wosakanikirana ndi madzi a nsomba limandibwerera m'mphuno, ndipo ndimakumbuka bodza limene ndinalipaka penti yoyera.

Unali mwezi wa April, 1993. Nditamaliza Fomu 4 ndinazungulira m'Blantyre chaka chathunthu, envulopu ya khaki ili kukhwapa, ntchito osaipeza. Mayi anati m'malo momaliza nsapato ndipite ku Monkey Bay kwa achimwene awo. A malumewo anali ndi boti la matabwa lonyamula anthu, usipa wouma ndi matumba a ufa pakati pa Monkey Bay ndi Makanjira, kutsidya kwa nyanja. Ndinafika injini yake itatopa. Boti analikokera pamchenga, amuna asanu ndi mmodzi anaikweza injiniyo ndi tcheni, n'kuitumiza kwa makaniko.

"Ikakhalako masabata atatu," anatero a malume. "Iwe mphwanga, ntchito yako ndi iyi." Analoza pamene panali injini paja.

Kwa inu amene boti mumangoliona pa kalendala, ndifotokoze. Boti lili ndi nthiti ngati munthu, ndipo kunsi kwa matabwa amene anthu amapondapo kuli mimba yake, pa Chingerezi amati bilge. Chilichonse chotayika m'boti chimathera kumeneko: madzi a mvula ndi a mafunde, madontho ochokera pamene shafiti ya pulopela imatulukira kunja, oyilo, dizilo, mamba a nsomba, mchenga, ngakhale matambala ogwa m'matumba mwa anthu. Kwina konse munthu angathe kupisako dzanja. Koma kunsi kwa injini sikufikika pokhapokha injiniyo itachoka, ndipo mwayi wotero umabwera kamodzi pa zaka zingapo.

M'munsi mwa nthiti iliyonse muli kabowo kongolowa chala chachikulu. Timabowoti ndiyo njira ya madzi. Amayenda nthiti ndi nthiti mpaka pamalo otsikitsitsa pamene pali kamwa ya pampu. Kamodzi kokha kakatsekeka, madzi amadikha pamenepo, pampu n'kumakoka mphepo.

A malume anandiuza ndondomeko yake kamodzi, sanabwereze. Matope akuda aja ndikapire m'diramu, osati m'nyanja, poti pagombe pomwepo amayi amatsukirapo mbale. Ndipale penti yakale yonse. Nditsuke ndi madzi otentha ndi sopo waufa katatu. Ndikatero ndithire madzi pang'ono pathabwa: akayalana bwino ndiye kuti kwayera, akaima timadontho ngati patsamba la koko ndiye kuti oyilo akadalimo. Kenaka ndibaye thabwa lililonse ndi nsonga ya mpeni kufuna pofewa. Iwo anagwirako ntchito ku Beira ali mnyamata, ndipo ankati madzi a nyanja yathu, poti alibe mchere, amaoletsa thabwa msanga kuposa a kumeneko. Pomaliza ndisiye kuume sabata yathunthu ndisanakhudze bulashi. "Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero.

Ndinafunsa chifukwa chowonongera penti yoyera pamalo poti palibe adzaonepo.

"Kuti likadwala lizitha kundiuza," anayankha. Dontho la oyilo pa penti yoyera limaoneka ndi tochi usiku, ndipo umadziwa pamene likuchokera. Nati ikagwa umaipeza. Pamalo pakuda zonse zimabisala.

Ndinene zoona, mbali yakutsogolo ndinaigwira bwino. Zinandikanika ndi nthiti zinayi zomaliza, pakati pa mitanda iwiri imene injini imakhalapo. Pamenepo oyilo wa zaka ndi zaka anali atalowerera m'thabwa ngati mafuta m'chitumbuwa. Kuti ufikepo umayenera kugona chafufumimba, mutu uli pansi, dzuwa likuwotcha msana. Nditsuke, m'mawa mwake thabwa latulutsanso thukuta lakuda.

Ndiye kumbukirani kuti chinali chaka cha referendamu. Dziko lonse linali pa mkangano wa nyali ndi tambala wakuda, anzanga ankathamangira misonkhano, ine ndili m'mimba mwa boti ngati Yona. A malume atachoka masiku awiri kukasaka zitsulo za injini ku boma la Mangochi, ndinapukuta nthiti zinayi zija ndi sanza youma, n'kupakapo penti yochindikala, kawiri tsiku limodzi. Fungo lake linandizunguza mutu, koma kunena za kukongola, panali powala ngati m'chipatala.

Atabwera anasuzumira. "Unatsuka katatu?"

"Eya, a malume."

Anandiyang'ana kanthawi, basi. Injini inabwera, anaimanga mabawuti ake, bodza langa linakwiririka pansi pa chitsulo cholemera.

Voti inachitika pa 14 June, nyali inapambana, tinavina usiku wonse. Mwezi wotsatira, tikuchokera ku Makanjira ndi anthu pafupifupi 20 ndi matumba a usipa, mwera unatipeza pakati pa nyanja. Powoloka chakumadzulo mphepo imeneyi imamenya boti cham'mbali, ndipo funde lililonse limasiyamo ndowa yake. Zimenezo sizachilendo, pampu alipo chifukwa chake n'chomwecho. Ndinagwira mpini wake n'kuyamba kupopa. Inakoka pang'ono, kenaka inalimba, kenaka inangolira mphepo. Koma madzi ozungulira injini ankakwera. Posakhalitsa gudumu la injini linayamba kuwawaza m'mwamba, ndipo boti likapendekera uku, madzi onse amathamangira komweko n'kulichedwetsa kudzuka.

A malume anapereka chiwongolero kwa mnyamata wawo, anatenga waya, n'kugona pambali pa injini yotentha. Mkono wonse unalowa m'madzi akuda. Atautulutsa unali ndi zinthu zoyera, zofewa ngati makoko a mbatata yophika. Ndinazizindikira iwo asanayang'ane kwa ine. Penti simata pa oyilo. Inakhala miyezi iwiri ikunyenga, kenaka inasendeka zikambazikamba n'kukatseka timabowo tija pamodzi ndi sefa ya pampu.

Amayi ena ankapemphera m'Chiyawo, ena m'Chichewa. Amuna tinakapa ndi ndowa, mapoto, wina ndi chipewa chimene. A malume anatokosa bowo limodzi limodzi, ndipo funde lina linawakankhira pa paipi ya utsi. Ndinamva fungo la khungu lopsa, iwo osalira. Patapita nthawi imene sindingathe kuiyeza, pampu inakokanso madzi. Tinafika ku Monkey Bay kutada.

Palibe anafa. Koma matumba awiri a usipa a mayi wina ananyowa ndi madzi a dizilo, mpamba wake wonse. A malume anamulipira kuchokera m'thumba mwawo. Anthu atabalalika anatsegula dzanja langa n'kuikamo kachikamba kamodzi, mbali yakuda ili pamwamba.

"Ukanangondiuza kuti watopa, mphwanga."

Ndikanakonda akanandimenya.

Sabata yotsatira amuna asanu ndi mmodzi aja anaitanidwanso, ndalama zina, ndipo boti linakhalanso pamchenga masabata awiri osapanga khobidi. Madzulo ena ananditengera cha kudoko kukaona Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa pa Monkey Bay pompo n'kuyamba kuyenda mu 1951. Yapyola zaka 70, injini zake zasinthidwapo. Anthu amatama akapitawo ake ovala zoyera, koma a malume anandilozera amuna ovala maovololo akuda amene amalowa kunsi ndi nyundo kukagogoda dzimbiri. Mayina awo palibe amawadziwa.

Nthiti zinayi zija ndinazitsuka kasanu ndi kawiri. Tsiku lomaliza a malume anabwera ndi kapu ya madzi, mkono uli womanga bandeji. Sanandifunse kanthu ulendo uno. Anagwada, anathira okha, n'kuyang'ana madziwo akuyalana pathabwa mpaka kulowa pa kabowo koyamba.

"Lolemba lamawa lino ayi," anatero. "Lolemba linalo. Bulashi usaikhudze."