Phungu timamupempha bokosi, nanga za mawa afunse ndani?

Tchuthi chapitachi ndidakhala kwa achemwali anga ku Chibanja mumzinda wa Mzuzu. Tsiku lina madzulo, mvula ikusosa padenga monga imachitira kuno, ndidapeza mwana wawo wa Fomu 3 akulemba ntchito ya Biology ya mmene impso zimagwirira ntchito. Poti ndilo phunziro limene ndimaphunzitsa, ndidakoka mpando kuti ndimuthandize. Iye osadzutsa n'komwe mutu adangoti, "Asibweni, musavutike, ndafunsa kale ChatGPT."

Ndidatenga foniyo n'kuwerenga, ndikuyembekeza kupeza bodza loti ndimudzudzule nalo. Sindidalipeze. Yankho lidali lolondola, losanjidwa bwino kuposa manotsi anga amene ndakhala ndikuwasunga chichokereni ku Domasi. Kunena zoona, kansanje kadandigwira.

Sukulu imene ndimaphunzitsa ndi ya CDSS, ili kumudzi m'boma la Mzimba. Kuti ndiimbe foni ndimakwera pachulu china kuseri kwa nyumba ya ahedi, ndipo kutchaja ndimatumiza mwana kumsika kwa munthu wa sola. Buku limodzi la Biology ana amalizungulira ngati mbale ya ndiwo. Ambiri adzamaliza Fomu 4 asadasuzumireko mu maikulosikopu. Koma a Maneb akamabweretsa mayeso a MSCE, pepala la mwana wa kwathu ndi la mwana wa achemwali anga limakhala limodzimodzi, nthawi yolembera imodzimodzi.

Musaganize kuti m'nyumba ya ku Chibanjayo zinthu zili bwino. Alamu anga adali dalaivala kubungwe lina la zaumoyo limene ndalama zake zinkachokera ku USAID. Pa 20 January 2025, Donald Trump adasaina chikalata choimitsa thandizo lopita kumaiko akunja kwa masiku 90. Masikuwo adatha koma thandizo lambiri silidabwerere, ndipo pofika July chaka chomwecho USAID idali itatsekedwa. Lero alamu akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto pakati pa Chibanja, Chibavi ndi m'tauni. Foni imene mwana uja amafunsira mafunso ndi yotsalira ya nthawi ya malipiro, ndipo bandulo akuchita kudyera kuluma. Izi ndi za banja limodzi. Dziko lonse lidatayanso pangano la MCC la ndalama zokwana 350 miliyoni za America, zimene mbali yaikulu idali ya misewu. Ife aphunzitsi tikudziwanso sukulu zasekondale za kumidzi zimene zidamangidwa ndi ndalama za USAID pansi pa ntchito ya SEED.

Chimene chidandikhudza kwambiri ndidachimva pawailesi mu July 2025. Boma la America litapempha nyumba yawo ya malamulo kuti ichotse mabiliyoni pa thandizo la kunja, aphungu ena a nyumba ya Senate, kuphatikizapo a chipani cholamula chomwe, adakana kuti ndalama zokwana 400 miliyoni za PEPFAR zidulidwe nawo. Zambiri zidadulidwa ndithu, koma izi zidapulumuka. Tangoganizani, munthu amene sadapondepo ku Mzuzu adaimirira m'nyumba ya malamulo kukangana za ma ARV amene mnansi wathu amakalandira kuchipatala. Ndidadzifunsa kuti nanga ine phungu wanga ndidayamba ndamutumapo chiyani?

Apa ndiulule tchimo langa. Apongozi anga atamwalira zaka zingapo zapitazo, ine ndi amene ndidatumidwa kunyumba kwa phungu wa kwawoko kukapempha bokosi ndi galimoto. Ndidapeza mzera pageti: wina akufuna fizi, wina malata a tchalitchi, wina mpira ndi yunifolomu ya timu. Bokosilo adatipatsa, ndipo mpaka lero ndimathokoza, chifukwa tsiku limenelo m'thumba mwanga mudalibe kanthu. Koma pamzera wonsewo, ine mphunzitsi ndili pomwepo, palibe adafunsa kuti bwanayo adayankhulapo chiyani pamene ankakambirana bajeti ku Lilongwe. Tidamusandutsa tokha kukhala adzukulu okumba manda, kenaka n'kumadabwa kuti sakupanga malamulo.

Chenjezo tidalandira kale. Mu 2013 nkhani ya Cashgate itaphulika, maiko amene ankathandiza pafupifupi K40 pa K100 iliyonse ya bajeti yathu adatseka mpopi. Padadutsa zaka zoposa khumi kuti Trump adzachite zakezi. M'zaka zonsezo phungu akadatha kumafunsa chaka ndi chaka kuti mankhwala a HIV, TB ndi malungo tidzayamba liti kugula ndi msonkho wathu, komanso kuti lonjezo la ku Abuja la 2001, loti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku zaumoyo, tidalisiya pati. Sindikunena kuti thandizo la kunja n'loipa ayi. Anthu ali moyo lero chifukwa cha thandizolo. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo wathu tidamusiya m'thumba la munthu amene ife sitimuvotera.

Ndibwerere ku foni ija, chifukwa ndi imene ikundisowetsa tulo. Makina oyankha mafunsowa, amene akuwatcha AI, afika kale m'dziko muno. Bungwe la Opportunity International lidayambitsa Ulangizi, imene imayankha mafunso a ulimi m'Chichewa kudzera pa WhatsApp. M'sukulu zapulaimale za boma ndondomeko ya BEFIT ikubweretsa matabuleti oti ana aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Zonsezi n'zabwino. Koma usiku womwewo ndidayesa kufunsa funso la impso lija m'Chitumbuka, chinenero chimene ana anga amaganizira, ndipo zimene zidatuluka achemwali anga adaseka mpaka misozi. Makinawa amamumva bwino mwana wodziwa kale Chingerezi, wokhala ndi magetsi, foni yabwino ndi bandulo. Amene ali patsogolo ndi amene akupatsidwa njinga.

Kusiyana kumeneku si kwachilendo kwa aliyense amene adayendapo kuchoka ku Kaning'ina kutsikira ku Chibanja nthawi ya dzinja. Mu 2015 bungwe la Oxfam lidatulutsa lipoti loonetsa kuti mu 2004 anthu 10 olemera kwambiri pa 100 aliwonse ankagwiritsa ntchito chuma chochuluka ka 22 poyerekeza ndi anthu 10 osaukitsitsa, ndipo pofika 2011 chidafika ka 34. Nthawi imeneyo n'kuti ChatGPT kulibe. Mantha anga ndi oti phompho limene linkaonekera pa nyumba ndi galimoto tsopano lilowa m'mitu ya ana.

Izi ndiye nkhani za m'Nyumba ya Malamulo, osati za pamaliro. Pali thumba la Universal Service Fund pansi pa Macra, limene lidakhazikitsidwa kuti netiweki ifike kumadera amene makampani saonako phindu. Ndani akufunsa kuti lafika pati? Pali MAREP yopititsa magetsi kumidzi: bwanji osalamula kuti pamene mapolo adutsa, CDSS ikhale yoyamba kulumikizidwa? Pali misonkho imene imakweza mtengo wa intaneti ndi mafoni. Palinso lamulo loteteza zinsinsi za anthu pamakina la 2024, limene liyenera kuteteza mwana amene akuuza makina a kunja zonse za kumtima kwake. Mipando ya aphungu idakwera kuchoka pa 193 kufika pa 229 pachisankho cha 16 September 2025. Mwa anthu onsewa, sangapezeke asanu oti nkhani zimenezi azitenge ngati zawo? Ine ndimamva phokoso lalikulu likafika pa thumba la CDF, makamaka chilengezereni K5 biliyoni pa dera lililonse, ndipo phokosolo limakhala loti ndalamazo agwire ndani.

Kuchotsa fizi m'sekondale za boma kwathandiza, ndipo ana ena amene adasiyira panjira ndawaonanso m'kalasi. Koma abwerera kudzazungulira buku lomwe lija.

Pobwerera kusukulu ndidadutsira m'tauni kukapulinta yankho la impso lija. Lolemba lake ndidalikopera pabolodi ndi choko, ana n'kumalemba m'makope mwawo. Mtsikana wina wa kutsogolo, amene amayenda mtunda wautali kwambiri m'kalasi monsemo, adakweza mkono.

"Sala, manotsi a lerowa akumveka bwino. Mwawatenga m'buku liti?"

Ndidamuuza kuti si buku, ndi makina a pafoni amene umawafunsa chilichonse n'kukuyankha. Adakhala chete pang'ono, kenaka adafunsa ngati angabwereke foni yanga pa buleki kuti afunse za mtima, poti mutu umenewo sadaumvetse chaka chatha. Tidakwera limodzi pachulu paja ndi anzake anayi. Netiweki idagwira, koma bandulo yanga idatha yankho lili pakati.