Pamene Tilira Akuluakulu

Maliro a munthu wotchuka amalowa m'nyumba mwathu osaodira. Pamudzi uthenga wa zovuta umayenda ndi anthu otumidwa, amene amayamba akhala pansi ndi kupereka moni asananene chimene adzera. Koma uthenga wa imfa ya mkulu wa dziko timangoumva pa wailesi kapena pa foni, mwina tili pakati pa kudya, ndipo timapezeka tikukhetsa misozi chifukwa cha munthu amene sitidagwiranepo naye chanza.

Zidatero m'mwezi wa Juni 2024. Pa 10 Juni ndege ya asilikali imene idanyamuka ku Lilongwe kulinga ku Mzuzu idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko lino, Dr. Saulos Chilima, adafera pomwepo pamodzi ndi anthu ena 8. Iwowa ankapita kumaliro a Ralph Kasambara. Boma lidalengeza masiku 21 a kukhuza. Masikuwo asanathe, pa 30 Juni, tidamvanso kuti Lucius Banda, woimba wa ku Balaka uja amene adakulira mu Alleluya Band, watisiya ku Johannesburg ali ndi zaka 53.

Pali ena amene amaseka kulira kotere, nati nkungotengeka ndi gulu. Ife sitigwirizana nawo. Munthu amene nyimbo zake zidatiperekeza paukwati ndi pamaliro, kapena amene tidaikapo chiyembekezo chathu, adasanduka mbale ngakhale iye sadatidziwe dzina. Makolo adati maliro nkulirana, ndipo sadaike malire a mudzi pa mawu amenewa. Ambiri a ife, polira Chilima, tinkaliranso bambo wathu, mlongo wathu, mwana wathu amene tidamuika mofulumira kenaka nkubwerera kuntchito misozi isanathe.

Komabe chilipo chimene chimativuta. Tifunsane, owerenga okondedwa: mwa anthu 8 aja, tingatchule angati? Ambiri tikumbukira Mayi Shanil Dzimbiri chifukwa adakhalapo mayi wa fuko. Nanga oyendetsa ndege, nanga otetezera ndi othandizira amene adakwera chifukwa ntchito idawatuma? Ndiponso madzulo a pa 16 Juni, thupi likupita ku Nsipe kumene lidaikidwa mawa lake, galimoto ina ya pamdipiti idaomba anthu m'boma la Ntcheu, anayi nafa. Iwonso adali ndi siwa lawo, adzukulu adawakumbira manda, ndipo anamfedwa adagona panja usiku wozizira wa Juni womwewo. Wailesi sidakhalitse pa iwo, ifenso sitidakhalitse.

Chinanso nchakuti pamaliro a wotchuka timathamangira kutamanda. Amene dzulo ankamunyoza ndiwo amaimirira kutsogolo ndi nkhata zazikulu za maluwa, ndipo womwalirayo amasanduka mbendera yokanganirana. Kufunsa chimene chidagwetsa ndege nkoyenera, pakuti amasiye ali ndi ufulu wodziwa zoona. Koma kukwera pa bokosi la mnzako kuti anthu akuone bwino ndi nkhani ina.

Papa Francis akuoneka kuti adaiganizira nkhaniyi imfa isanamufikire. Adamwalira pa 21 Epulo 2025, Lolemba la Pasaka, ali ndi zaka 88. Dzulo lake adaonekera pakhonde la tchalitchi cha Petro Woyera kudalitsa anthu, mawu akutuluka movutikira atagona masiku 38 m'chipatala cha Gemelli, ndipo Lachinayi Loyera adakacheza ndi akaidi kundende ya Regina Coeli. Adali atakonzeratu kuti mwambo wa maliro a Apapa uchepetsedwe: m'malo mwa mabokosi atatu, lina m'kati mwa linzake, monga zinkachitikira kale, iye adagona m'bokosi limodzi la matabwa. Adapempha kuti aikidwe m'nthaka, m'tchalitchi cha Santa Maria Maggiore kunja kwa Vatican, ndi kuti pamandapo palembedwe liwu limodzi lokha, Franciscus. Pa 26 Epulo mafumu ndi atsogoleri a maiko adakhala pamipando yaulemu pa nsembe ya Misa. Koma bokosi litafika kumalo ake ogona, amene adalichingamira pamakwerero adali kagulu ka amphawi, osowa pokhala, othawa kwawo ndi akaidi, aliyense atanyamula duwa loyera. Munthuyu adagwiritsa ntchito ngakhale maliro ake kutembenuzira maso athu kwa amene sitiwaona.

Tikumbukirenso chimene iye ankapempha kuyambira usiku wa pa 13 Malichi 2013 pamene adasankhidwa: kuti timupempherere. Apa mpamene Eklezia amasiyana ndi bwalo la ndale. Eklezia safulumira kunena kuti wakufa ndi woyera, angakhale Papa amene. Amamuperekera Misa masiku asanu ndi anayi, monga wochimwa wofuna chifundo. Mwambo wopempherera akufa ngwakalekale. Buku lachiwiri la Amakabeo, mutu 12, likusimba za Yuda amene adasonkhetsa ndalama natumiza ku Yerusalemu kuti aperekere nsembe asilikali ake ofera kunkhondo, ngakhale adawapeza ndi zithumwa za mafano m'zovala. Monika Woyera, pomwalira ku Ostia m'chaka cha 387, adauza ana ake kuti asavutike za kumene adzamuike, angomukumbukira pa guwa la Ambuye. Kutamanda kumasankha nkhope ndipo kumatha msanga. Pemphero limakwanira wotchuka ndi wosadziwika yemwe, ndipo pa 2 Novembala maina awo amawerengedwa pa mndandanda umodzi.

Dziko silichedwa kupitirira. Pa 8 Meyi 2025 utsi woyera udafuka, Papa Leo XIV nasankhidwa, ndipo bwalo lija lidadzazanso ndi nthungululu. Kuno kwathu mbendera zidakweranso pamwamba masiku 21 atatha. Amayi a m'miphakati amadziwa bwino nthawi imene imatsatira: mahema aphwasulidwa, miphika yobwereka yabwezedwa kwa eni ake, achibale akwera mabasi, ndipo m'nyumba mwatsala mayi wamasiye ndi ana akuyang'ana mpando wopanda munthu. Nyumba zotere zilipo zisanu ndi zinayi chifukwa cha Chikangawa, ndi zina zinayi chifukwa cha msewu wa ku Ntcheu.