SIPULING'I YA INJINI YATHU NDI MAWU A AMALUME

Anyamata a kunyanja, werengani kaye musanatumize kwina.

Amalume anga anagwira ntchito yaupolisi mpaka kupuma. Akabwera kwathu ku Msaka sakamba zambiri za mfuti, koma tsiku lina atapeza adadi akupinda sipuling'i ya sitata ya Yamaha yathu ndi pulayala, anangoima n'kunena kuti, "Alamu, mukudzinamiza. Pisito yomwe ndinkayenda nayo inali ndi masipuling'i angapo, ina yobweza chitsulo chapamwamba ukaomba, ina m'magazini yokankha zipolopolo. Ikatopa sitinkaikoka kuti italike. Tinkaiika pambali pa yatsopano, ikaoneka yaifupi basi, kutaya."

Adadi anaseka, amvekere injini si mfuti. Inenso ndinaseka nawo, ndisabise.

Amalume anapitiriza ndithu. Akuti sipuling'i siuza munthu kuti yadwala. Imatopa ndi kupanikizidwa n'kumasuka kambirimbiri, ndipo dzimbiri limaifulumizitsa. Ya m'magazini ikafooka, zipolopolo zoyamba zimakwera bwinobwino, zomaliza n'zomwe zimakakamira, nthawi yomwe munthu ukuzifunitsitsa. Ukaikoka ndi manja imaoneka ngati yachira koma chitsulo chake chatha kale. Ndipo mafuta ndi pang'ono chabe, ukathira ambiri amasonkhanitsa fumbi ndi mchenga.

Sitata yathu inali itayamba kale kupereka zizindikiro. Ukakoka chingwe, chinkabwerera mwaulesi, kachidutswa n'kumalendewera panja. Kokowera kwa sipuling'i kutathyoka, adadi anapinda kwina pachitsulo chomwecho. Ineyo ndinapaka girisi wambiri, poganiza kuti ndikuthandiza.

Mu Julaye, usiku, tili kutali ndi chilimira, mwera unayamba. Siginala anakuwa kuti tikokere ukonde, tizipita. Ndinakoka chingwe koyamba, injini inangotsokomola. Kachiwiri ndinamva kuti "thwa!" mkatimo, chingwe chonse chili m'manja mwanga, osabwereranso. Mafunde akumenya boti cham'mbali, alovi akukapa madzi ndi zigubu zodula, mnyamata wina wayamba kale kuitana amayi ake.

Chinatipulumutsa ndi sipanala yomwe inali m'thumba la adadi. Tinachotsa chivundikiro, kumasula mabawuti a sitata ndi tochi ya foni kukamwa, n'kukulunga chingwe pagudumu lapamwamba pa injini, pali kampata kokolerapo mfundo. Amene simunadziwe zimenezi pitani mukaone pa injini yanu masana, osati muzikaphunzira mumdima ngati ine. Samalaninso zala ndi malaya, gudumulo likayamba kuzungulira lili poyera. Inalira pa kukoka kwachinayi.

Usipa wa usiku umenewo theka tinataya kuti boti lipepuke. Ndalama yake ikanagula masipuling'i angapo.

M'mawa ndinakwera njinga yamoto kupita ku Monkey Bay, ndinagula ziwiri. Makaniko poika anandichenjeza kuti ndisayandikize nkhope, chifukwa ikafwamphuka imatha kuboola diso. Ina ili mu injini, inayo ndaikulunga m'pulasitiki pamodzi ndi mapulagi.

Amalume atamva anangofunsa kuti, "Mphwanga, yakaleyo mwataya?" Adadi sanayankhe. Ndikudziwa ili m'chitini cha misomali, akuti mwina idzagwira ntchito ina.