Ufa wa m'sitolo ndi ufa wokonola wekha

Kwathu ku Ntchisi amayi ambiri saukhulupirira ufa wa m'thumba la m'sitolo. Amakonola okha, kuviika mphale, kuyanika, kenako ulendo wa kuchigayo. Amati chimene ukudya uzidziwa kumene chachokera. Mkangano womwewu, abale anzanga, ulipo pakati pa anthu a makompyuta.

Pulogalamu imabadwa ngati mawu olembedwa ndi munthu, otchedwa source code. Kompyuta siwamva mawuwo mpaka pulogalamu ina, compiler, itawagaya kuti akhale chinenero cha makina. Ena amatenga mawuwo n'kugaya okha. Ena amangotsitsa phukusi logayidwa kale, monga limene amakonza a Debian, amene anayamba mu 1993, kapena a Ubuntu a mu 2004, dzina lofanana ndi umunthu wathuwu.

Ineyo ndili kugulu lachiwiri, ndipo sindichita nazo manyazi. Kompyuta imene ndimalembera ndakatulo njokalamba. Kugaya pulogalamu yaikulu pamenepo ndi ntchito ya maola ambirimbiri, magetsi n'kuthima pakati, batire n'kufa. Walira mvula walira matope. Phukusi limalowa madzi a tiyi asanawire.

Komatu ufulu wogaya wekha ndimaulemekeza zedi. Amene ali ndi mawu a pulogalamu angathe kuwakonza, kuwamasulira m'Chichewa, kuchotsa zolemetsa. A Baobab Health, amene anayamba kulembera odwala pa kompyuta ku Kamuzu Central Hospital mu 2001, anadzilembera mapulogalamu oyenera zipatala zathu m'malo modikira za kunja.

Nanga wogaya yekha ndiye wapulumuka? Ayi ndithu. Mu 1984 Ken Thompson anasonyeza kuti compiler ingathe kubisa msampha ngakhale mawu a pulogalamu ali oyera. Mphale nja iwe, koma chigayo n'cha wina. Mu 2024 msampha unapezeka m'kapulogalamu kotchedwa xz, ndipo anautulukira ndi Andres Freund, atadabwa kuti kulowa m'kompyuta kukuchedwa ndi theka la sekondi.

Chimene chinatipulumutsa si kuti aliyense ankagaya yekha. N'chakuti nkhokwe inali yosatseka, ndipo munthu mmodzi wachidwi anasuzumiramo. Tsono ine ndidyabe ufa wa m'thumba, pokhapokha ngati mwini chigayo amalola mnansi wanga kuona chimene akuthira m'chigayomo.