Ndinawatcha fisi, amayi anati sakuwadziwa

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 14. Patangotha sabata imodzi chiikireni maliro, bambo aang'ono anabwera ndi lole n'kutenga makina osokera a amayi, wailesi, mipando ya pabalaza ndi malata amene bambo ankasonkhanitsa kuti adzamangire nyumba. Anati akukatisungira. Mpaka lero akusungabe.

Chaka chatha ndinaganiza zolemba nkhaniyi pa Facebook. Ndinkalemba usiku pafoni, magetsi atathima, ndipo mawu ankangobwera okha. Fisi. Njoka. Mbava. Wadyera, mtima uli gwaa, maso ali psuu.

Chichewa chathuchi n'choopsa munthu ukakwiya. Sufunika n'kutukwana komwe. Umangochotsa ulemu, amene dzulo anali "iwo" lero n'kukhala "iye". Ukafuna kuti anyanse umaika "chi": chimdala, chimunthu. Ukafuna kuti achepe umaika "ka": kamdala, kamunthu. Ine ndinagwiritsa ntchito zonsezi. M'ndime yoyamba anali chimunthu, pofika yachitatu anali kamdala kopanda manyazi. Kumapeto ndinaika mawu amene ndinkati ndiye chibakera chomaliza: mfiti.

Ndisanatumize ndinawawerengera amayi. Anali pakhonde, akusankha nyemba m'lichero. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula.

"Ameneyu ndani?" anandifunsa.

"Bambo aang'ono, amayi."

"Ayi mwanawe, ameneyu sindikumudziwa. Alamu anga alibe maso ofiira. Ndi munthu wansangala, ndipo ndi omwewo anakunyamula panjinga usiku kupita nawe kuchipatala utadwala malungo. N'chifukwa chake makiyi ndinawapatsa ndi manja angawa. Akanakhala fisi, bwenzi nditatseka chitseko."

Ndinangoti kukamwa yasa. Iwo anapitiriza kusankha nyemba zawo, kenako anati, "Mawu omalizawo ufufute lero lomwe. Amenewo amapha."

Sanali kukokomeza. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito m'dziko muno, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Bambo aang'ono ali ndi imvi tsopano ndipo amakhala kumudzi. Anyamata akumeneko ali ndi mafoni ngati ife. Zomwe ndikanalemba zikanazungulira m'magulu a WhatsApp, ndipo tsiku lina mwana akanadwala m'mudzimo, wina akanakumbukira kuti ngakhale mwana wa mkulu wawo analemba yekha kuti ndi mfiti. Ine ndikanakhala ndili m'tauni, ndikuwerenga ma like.

Mayina a nyama aja nawonso si amasewera. Ku Rwanda mu 1994, wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti inyenzi, kutanthauza mphemvu. Mphemvu saiimba mlandu, amangoiponda. M'masiku pafupifupi 100 anthu anaphana mochititsa mantha, ambiri ophedwa ndi anansi awo. Sindikufanizira mkwiyo wanga ndi zimenezo ayi, koma njira yake ndi imodzi: umayamba wamuchotsa munthu umunthu, zotsalazo ena amamaliza.

Komabe sindinafune kukhala chete. Anatilakwira, ndipo malamulo athu amati kulanda chuma cha masiye ndi mlandu. Choncho ndinayambiranso, koma ndinadziikira lamulo: ndilembe zokhazo zimene maso anga anaona ndi zimene makutu anga anamva.

Apa m'pamene ndinakumbukira zinthu zimene mkwiyo unandiiwalitsa. Tsiku la maliro bambo aang'ono analira kuposa aliyense, ndipo misozi yake inali yeniyeni. Koma madzulo ndinawapeza kuseri kwa nyumba ataima pamulu wa malata uja, chala chikuyenda, milomo ikuwerenga chamumtima. Tsiku la lole lija, pamakina panali yunifolomu ya mwana wa kasitomala, singano ili chibayireni pakolala. Anaichotsa mosamala kuti isang'ambike, anaipinda bwinobwino, n'kuwapatsa amayi ndi manja awiri. Kenako ananyamula makinawo. Amayi anali zyoli, yunifolomu ili m'manja.

Nditawerenga ndime imeneyi ndinaona kuti ikupweteka kuposa fisi uja. Wowerenga akamva "fisi" amadziwa kuti wolembayo wakwiya, basi, za munthu winayo sanamve kanthu. Akaona manja awiri aja akupereka yunifolomu, dzina amalipeza yekha, ndipo dzina limene wowerenga wapeza yekha salikana. Ndinabwezeretsanso ulemu wonse. Nkhani yonse anali "iwo", "bambo aang'ono". Ulemuwo ndi umene unaonetsa kukula kwa chimene anachita, pakuti mlendo sangakupweteke chonchi.

Ndinaitumiza osatchula dzina lawo kapena mudzi. Patapita masiku atatu foni inalira. Anali mwana wawo wamkazi, mchemwali wanga amene tinali tisanalankhulane zaka zambiri. Ndinakonzeka kukangana.

"Ndawerenga," anatero. Anakhala chete kanthawi. "Makina aja ali kuchipinda kwathu. Ine ndinaphunzirira kusoka pomwepo. Anatiuza kuti anagula."

Ndikanawatcha mfiti, akanawaikira kumbuyo bambo ake, ndipo sakanalakwa. Koma yunifolomu ija sakanatha kuikana.

Makinawo sanabwerebe. Akuti akuyesa kulankhula nawo, ndipo mdalayo akuti nkhani zakale n'zakale. Amayi nditawauza anangoti chibale n'fupa, sichiola, n'kundituma kuti ndikapale moto.